Mphete Zopanda Mfundo

Usiku wa mphepo ya bora ku Trieste,
zitseko zikumenyetseka m'misewu yonse yotsikira kudoko,
bambo anga Tullio anakwera masitepe a labotale
kudzandipatsa makiyi amene ndinaiwala pambali pa ketulo.
Zaka makumi anayi zosoka maukonde
zinawasiyira zala zokhota ngati mbedza
ndi chikhulupiriro chimodzi chokha:
chinthu chimagwira ndi mfundo.

"Ndiye zimene umagonera kunozi ndi zimenezi, Nives?"
Anawerama pa kambale kagalasi.
Munali dontho lonjenjemera,
langwiro ngati madzi, koma lokana kuyenda.

Ndinati: muli mphete umu, ababa,
zochuluka kuposa nsomba zonse zimene zinadutsa m'manja mwanu.
Iliyonse ndi ulusi umene mutu unameza mchira,
ilibe poyambira, ilibe pothera.
Palibe ulimbo. Palibe imene inamatirira inzake.
Zinangolowana basi,
iyi mwa iyo, iyo mwa zina zitatu,
mpaka kambale konse kakhala thupi limodzi.

"Nanga mfundo zili pati?"
Palibe.
"Ndiye si ukonde umenewo. Ndi bodza lonyowa."

Ndinatenga makiyi anga aja m'dzanja lawo.
Taonani iyi ya pakhomo, ndinatero,
imazungulira mmene ifunira,
lero ili pafupi ndi ya njinga, mawa yatalikira,
palibe chayigwira,
koma tayesani kuichotsa osatsegula mphete.
Anayesa ndithu, mwamakani awo aja,
makiyi ali ngwe-ngwe-ngwe m'chipinda cha zii.

Matjaž, mnzanga wa usiku, anayatsa makina.
Mbale ziwiri zachitsulo zinapana dontho lija
n'kuyamba kulipotokola pang'onopang'ono.
Pagalasi la kompyuta mzere unayenda chokwawa,
pansipansi, ngati sitima yotopa yolowa padoko.
Apo n'kuti mphete zikutsetsereka,
iliyonse ikuyasamula, ikusololoka,
ikupereka mpata wonse umene ili nawo.
Kenaka mpata unatha.
Mzere unadzuka njo!
Mphete zonse zinali zitakungika, khosi pa khosi,
palibe yofuna kulekerera.

Bambo anapumira m'mphuno.
"Unyolo wa nangula umatero," anatero,
"umagona m'matope ngati wakufa
kufikira chimphepo chikoke sitima."

Ndinadonthezamo enzaimu, timalumo tosaoneka
timene timadula mphete pamalo amodzi okha.
Tinadikira. Matjaž anaphika khofi woipa.
Kunja bora inagwetsa njinga yamoto ya munthu wina.
Pamene tinabwerera, ndinapendeketsa kambale,
ndipo dontho linayenderera ngati msozi.
Palibe chinachotsedwamo, ababa.
Ulusi uli momwemo, kulemera n'komweko,
kungoti uliwonse tsopano uli ndi nsonga ziwiri,
ndipo cha nsonga chimadziwa njira yotulukira.

Sanayankhe.
Anaima pawindo, kuyang'ana nyali za padoko zikugwedezeka,
chala chachikulu chikuzunguza mphete ya ukwati
monga achitira chimwalirire mayi
dzinja lachitatu lapitalo.
Mphete ija imazungulira mosavuta, yakula,
pakuti chala chinawonda,
koma ikafika pakati imaima.
Nyamakazi inatupitsa pamenepo kalekale.
Sopo analephera, ulusi unalephera,
ndipo wosula golide wa ku Cavana atatulutsa kasowo
anamuthawa osatsanzika.

Anandiona ndikuyang'ana.
Anakweza dzanja m'kuwala kwa nyali,
n'kukankha mphete mpaka pa mfundo ya chala,
pamene imakakamira,
n'kugogodapo kawiri ndi chikhadabo.

"Waona?" anatero. "Mfundo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsutse,
pakuti zimenezo ndi nkhani ziwiri zosiyana,
ndipo ndili ndi masamu otsimikizira.
Koma iwo anali atavala kale chipewa,
akufunsa Matjaž ngati basi yomaliza yadutsa,
makiyi anga aja ali m'thumba mwawo.